Kudula Nkhalango ndi Madzi a M'nyanja za Kumpoto

Anzathu a m'makoperativa, ndere tonse timazidziwa. Timaziona pa miyala ya kumtsinje, zoterera zija zogwetsa munthu. Timazionanso padziwe m'mwezi wa Okutobala, madzi ataphwera, dzuwa likuswa mtengo. Amayi akafika pamenepo ndi ndowa amayamba akankhira ndere kumbali ndi chikho, kenaka n'kutunga. Ndere zikachulukitsa, madzi amanunkha.

Koma kodi tinayamba tadzifunsa kuti ndere zimadya chiyani? Nanga n'chifukwa chiyani dziwe lina limabiriwira pamene lina la pafupi pomwepo lili mbee?

M'phunziro lino tipita kutali, ku maiko ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi. Kumeneko kuli nkhalango zazikulu ndi nyanja zambirimbiri. Anthu ake amadula mitengo yochuluka chaka ndi chaka kuti acheke matabwa ndi kupanga mapepala. Kwa zaka zoposa 50 akatswiri awo akhala akuyeza madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja, mitengo isanadulidwe ndiponso itadulidwa. Zimene anapeza mlimi aliyense ayenera kuzimva: chimene munthu achita kumtunda chimakaonekera m'madzi kumunsi.

Dziko la mitengo ndi nyanja

Nkhalango ya kumpoto ndi yaitali kwabasi. Inayala ku Canada ndi ku Alaska, ku Norway, ku Sweden, ku Finland, mpaka kudutsa dziko la Russia. Mitengo yake yambiri ndi ya mtundu wa paini, yonga imene timaiona ku Lichinga. Masamba ake ndi osongoka ngati singano.

Kumeneko kumazizira koopsa. M'nyengo yachisanu madzi a pamwamba pa nyanja amaundana n'kukhala gwa ngati mwala. Anthu amayendapo, ndipo m'malo ena ngakhale magalimoto amadutsapo. Zimakhala choncho miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. M'malo mwa mvula kumagwa chipale chofewa, choyera ngati thonje, n'kuunjikana pansi. Pofika mwezi wa Epulo ndi Meyi chipalecho chimasungunuka, ndipo madzi ake onse amathamangira m'mitsinje ndi m'nyanja nthawi imodzi.

Chifukwa cha kuzizirako mitengo imakula pang'onopang'ono. Mtengo umene munthu wabzala lero adzaudula ndi mdzukulu wake, patapita zaka 60, 80 kapena 100.

Nyanja zake n'zosawerengeka. Canada ali ndi nyanja zambiri kuposa dziko lina lililonse. Finland ndi dziko laling'ono, losafika ngakhale theka la Mozambique, koma lili ndi nyanja pafupifupi 188,000 tikawerenga ndi zing'onozing'ono zomwe. Zambiri mwa nyanjazi si zazikulu ngati nyanja yathu ya Niassa ayi. Zina munthu angathe kuzizungulira wapansi m'mawa umodzi. Anthu amamwa madzi ake, amasambamo ndiponso amaphamo nsomba.

Denga ndi mbiya

Tiyerekeze nyumba ya malata. Mvula ikugwa, ndipo mayi watchera mbiya pansi pa denga. Ngati denga ndi loyera, madzi a m'mbiya adzakhala oyera. Ngati pali fumbi, masamba ndi zitosi za mbalame, zonsezo zidzathera m'mbiya.

Nyanja ili ngati mbiya imeneyi. Mapiri, zigwa ndi madambo onse amene madzi ake amatsikira m'nyanjamo ndiwo denga lake. M'phunziro lino malo amenewa tiziwatcha denga la nyanja.

Nkhalango ikakhalapo, imasunga dengali. Mizu imamwa madzi ambiri, ndipo masamba amawatulutsira m'mwamba. Mizu yomweyo imatenga chakudya cha m'nthaka chisanakokoloke. Masamba ogwa amaphimba dothi kuti lisatengedwe ndi madzi. Choncho madzi ofika m'nyanja amakhala osefeka, opanda matope, ndiponso opanda chakudya chambiri.

Kadulidwe ka kumpoto si ka nkhwangwa. Kuli makina aakulu amene amagwira mtengo, kuudula, kuusadza nthambi ndi kuuduladula m'kanthawi kochepa. Kawirikawiri amadula mitengo yonse pamalopo, kumeta phiri mpala. Zikatero pamachitika zinthu izi. Madzi amene mitengo ikadamwa amatsala m'nthaka, ndipo nthaka imanyowa kwambiri. Nthambi, masamba ndi mizu zotsala zimawola n'kutulutsa chakudya, koma palibe mizu yamoyo yoti ichitenge. Matayala a makina amasiya mikwasa yakuya imene imasanduka ngalande. Misewu yotulutsira mitengo nayo imakhetsera dothi m'mitsinje. Chipale chikasungunuka, zonsezi zimatsikira m'mbiya muja.

Chakudya cha ndere

Ndere ndi zomera. Zina n'zazing'ono kwambiri, zosaoneka ndi maso, zoyandama m'madzi. Monga chimanga, nazo zimafuna dzuwa ndi chakudya. Pa thumba la feteleza timawerengapo zilembo zitatu: N, P ndi K. N ndi nayitrojeni, P ndi fosiforasi, K ndi potaziyamu. Chimene chimakulitsa chimanga m'munda chimakulitsanso ndere m'madzi.

Tisanene kuti ndere n'zoipa zokhazokha. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timadya ndere. Nsomba zazing'ono zimadya tizilomboto, ndipo nsomba zazikulu zimadya zazing'onozo. Popanda ndere sipangakhale nsomba. Choipa ndi kuchulukitsa.

Nanga pa zakudya zitatuzi, ndi chiti chimene chimachulukitsa ndere? Mu 1968 boma la Canada linapatula nyanja zazing'ono m'chigawo cha Ontario, pafupi ndi tauni ya Kenora, kuti zikhale zoyeserapo. Malowo amatchedwa Experimental Lakes Area, ndipo ali ndi nyanja 58. Mu 1973 katswiri wina, David Schindler, pamodzi ndi anzake, anatenga nyanja imene anaipatsa nambala 226. Nyanjayi ndi yopyapyala pakati ngati chikho cha mphonda. Pamenepo anatchingapo ndi chinsalu cha pulasitiki, nyanja n'kugawika pawiri. Mbali zonse ziwiri anathiramo nayitrojeni ndi chakudya china chonga shuga. Koma fosiforasi anathira mbali imodzi yokha.

Patapita miyezi yochepa, mbali ya fosiforasi inabiriwira yonse ngati msuzi wa masamba. Mbali inayo sinabiriwire. Chithunzi chake chinajambulidwa kuchokera m'ndege, ndipo chinaonedwa m'maiko ambiri. Chinathandiza maboma kuchepetsa fosiforasi mu sopo wochapira ndi m'madzi onyansa a m'mizinda. Tikumbukire mfundo imeneyi: m'nyanja zambiri za kumpoto, fosiforasi wochepa chabe amakwanira kuchulukitsa ndere.

Chigwa chimene chinametedwa mpala

Tsopano tione chimene chimatuluka m'nthaka mitengo ikachoka. Cha kumwera pang'ono kwa Canada, m'dziko la United States, m'chigawo cha New Hampshire, muli nkhalango yotchedwa Hubbard Brook. M'nyengo yachisanu ya 1965 mpaka 1966, akatswiri awiri, Herbert Bormann ndi Gene Likens, ndi anzawo a m'boma oyang'anira nkhalango, anadulitsa mitengo yonse m'chigwa chimodzi cha mahekitala oposa 15. Mitengoyo anaisiya pomwepo. Kwa zaka zitatu anapopera mankhwala kuti pasamere kanthu. Kumunsi kwa chigwacho anali ndi khoma loyezera madzi onse otuluka.

Chaka choyamba madzi a mumtsinje anachuluka ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Nayitrojeni wa m'madzimo anachuluka kuwirikiza ka 40 ndi kupitirira, mpaka madziwo anapyola malire a madzi oyenera kumwa. Mtsinje umene kale unali mbee unayamba kudzaza ndere nyengo yotentha iliyonse.

Odula mitengo sachita zofika pamenepa. Akatswiriwa anachita dala kuti aone mphamvu ya mizu yamoyo. Ndipo anaionadi. Atasiya kupopera mankhwala, tchire ndi timitengo zinameranso, ndipo m'zaka zochepa nayitrojeni wa mumtsinje anatsika. Nthaka ikavala msanga, madzi amachira msanga.

Madzi ofiira ngati tiyi

Tibwerere ku Canada, m'chigawo cha Quebec, kufupi ndi damu lalikulu la Gouin. Kumeneko mu 1995 nkhalango zina zinadulidwa, zina zinapsa ndi moto, ndipo zina sizinakhudzidwe. Richard Carignan wa ku yunivesite ya Montreal ndi anzake anayeza nyanja zoposa 30 kwa zaka zitatu, kuyambira 1996 mpaka 1998, kuti afanizire.

M'nyanja za m'malo odulidwa ndi za m'malo opsa, fosiforasi anachuluka, mwina kuwirikiza kawiri, mwina katatu. Koma m'malo odulidwa munapezekanso china. Madzi anasanduka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mtundu umenewu umachokera ku masamba ndi makungwa owola m'nthaka yonyowa. Tikaviika makungwa m'ndowa timaona zomwezo.

Apa pali chodabwitsa. Ndere zinachuluka kwambiri m'nyanja za m'malo opsa kuposa m'nyanja za m'malo odulidwa. Chifukwa chake n'chakuti madzi ofiirira amatchinga dzuwa. Chakudya chinalipo, koma kuwala kunachepa. Ndiye munthu asanene kuti, "Madzi sanabiriwire, basi zonse zili bwino." Ayi ndithu. Madzi angathe kuwonongeka osabiriwira. Kuwala kukachepa, zomera za pansi pa nyanja zimavutika. Ndiponso madzi ofiirira ndi ovuta kuwayeretsa, moti mizinda imawononga ndalama zambiri isanawatumize m'mipopi.

Chinanso choopsa ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija chimene okumba golide amagwirira golide. Mekyule amakwera m'mwamba ndi utsi wa malasha a m'mafakitale, n'kugwa pang'onopang'ono ndi mvula, n'kukhala m'nthaka ya m'nkhalango zaka zambiri. Nthaka ikanyowa ndi kutakasidwa, amatsikira m'nyanja pamodzi ndi madzi ofiirira aja. Amalowa mu tizilombo, kenaka m'nsomba zazing'ono, n'kukaunjikana m'nsomba zazikulu. Edenise Garcia ndi Carignan anayeza nsomba yaikulu yodya zinzake yotchedwa pike. Anapeza kuti za m'nyanja za m'malo odulidwa zinali ndi mekyule wambiri kuposa za m'nyanja zosakhudzidwa. Mekyule amawononga ubongo, makamaka wa mwana amene ali m'mimba ndi wa ana aang'ono. M'mphepete mwa damu la Gouin mumakhala anthu a mtundu wa Atikamekw, eni dziko a kumeneko, amene nsomba ndi ndiwo yawo kuyambira kale. Mitengo imapita kutali kukagulitsidwa, koma nsombazo zimadyedwa pomwepo.

Ndere zapoizoni

Kumadzulo kwa Canada kuli chigawo cha Alberta. Nthaka yake ili ndi chonde, ndipo nyanja zake zambiri n'zosaya. Kumeneko mayi wina katswiri, Ellie Prepas, ndi anzake anayeza nyanja 11, zaka ziwiri mitengo isanadulidwe ndi zaka ziwiri itadulidwa. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2001. Mitengo sinadulidwe yonse, koma gawo laling'ono chabe la denga la nyanja iliyonse. Komabe chaka choyamba fosiforasi anakwera ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Ndere zinachuluka, makamaka za mtundu wina zimene zimayandama pamwamba ngati penti wobiriwira. Zina mwa ndere za mtundu umenewu zimatulutsa poizoni wowononga chiwindi, ndipo poizoniyo nayenso anachuluka.

Poizoni ameneyu wapha ng'ombe ndi agalu m'maiko ambiri. Ndere zotere zimapezekanso m'madamu a kuno ku Africa. Tichenjere: kuwiritsa madzi kumapha tizilombo ta matenda, koma sikuchotsa poizoni wa ndere. Madzi ooneka ngati athiridwa penti wobiriwira asamwe munthu, ndipo ziweto zisamwetsedwepo.

Ndere zikachuluka zimaphanso nsomba m'njira ina. Nsomba zimapuma mpweya wosungunuka m'madzi. Ndere zikafa zimamira n'kukawolera pansi, ndipo kuwolako kumatha mpweya. Kumpoto vutoli limakula m'nyengo yachisanu, chifukwa madzi oundana amatseka nyanja ngati chivundikiro, mpweya watsopano sulowa. Chivundikirocho chikasungunuka, anthu amapeza nsomba zakufa zili mbwee m'mphepete.

Nyanja sizifanana

Kodi ndiye kuti paliponse podula mitengo nyanja imawonongeka? Iyayi. M'chigawo cha Ontario, kufupi ndi tauni ya Atikokan, Robert Steedman anayeza nyanja zitatu zakuya m'zaka za m'ma 1990. Mitengo yozungulira inadulidwa, pena mpaka m'mphepete mwenimweni. Madzi anasintha pang'ono chabe.

Bwanji nanga? Tikumbukire denga ndi mbiya. Denga laling'ono likamathira mu mgolo waukulu, zinyalala zake sizioneka. Denga lalikulu likamathira m'kambiya, madzi amada msanga. Nyanja za ku Atikokan zinali zakuya, za madzi ambiri, ndipo madenga ake anali aang'ono. Ku Quebec nakonso anapeza zomwezo: malo odulidwa akakula poyerekeza ndi nyanja, kusintha kwa madzi kumakulanso.

Choncho asanadule mitengo, anthu ayenera kufunsa mafunso anayi. Kodi tidula gawo lalikulu bwanji la denga? Kodi nyanja yake ndi yaikulu ndi yakuya, kapena yaing'ono ndi yosaya? Kodi nthaka tiitakasa kwambiri? Nanga madzi ochokera podulapo adzadzera njira iti?

Ngalande za ku Finland

Funso la njira ya madzi linawaphunzitsa zambiri anthu a ku Finland. Dziko lawo lili ndi madambo ochuluka, a dothi lakuda la zomera zowola. Pofuna kuti mitengo ikule msanga, anakumba ngalande zoumitsa madambowo, makamaka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Anaumitsa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, ndiye kuti pafupifupi theka la madambo onse a dzikolo. Mitengo inakuladi m'malo ambiri. Koma ngalandezo zinasanduka misewu ya matope ndi madzi akuda, yolunjika m'mitsinje ndi m'nyanja.

Mu 1978 akatswiri anayamba kuyeza timitsinje ta kufupi ndi tauni ya Nurmes, kum'mawa kwa dzikolo. Patapita zaka zingapo mitengo inadulidwa. Pamene anadula mpaka m'mphepete mwa mtsinje, kenaka n'kukumba ngalande ndi kugaula nthaka, madzi anatentherapo, fosiforasi anachuluka, ndipo matope anachuluka koposa. Kusinthako kunaonekabe kwa zaka zambiri. Koma pamene anasiya mzere wa mitengo m'mbali mwa mtsinje, madzi sanasinthe kwambiri.

Ku Alberta kuja nakonso anasiya mizere ya mitengo m'mphepete mwa nyanja, pena mamita 20, pena 100, pena 200. Koma kumeneko kukula kwa mzere sikunasinthe kanthu kooneka. Izi sizitsutsana. Mzere wa mitengo umagwira ntchito ngati madzi akudutsamo pang'onopang'ono, moyala. Pamenepo udzu ndi mizu zimagwira dothi ndi chakudya. Koma madzi akabwera ndi mtsinje, ndi ngalande, kapena akadzera pansi pa nthaka, amaupitirira mzerewo. Mpanda wabwino suletsa mbuzi ngati chipata chili chotsegula. Kusiya mitengo m'mphepete mwa nyanja n'kofunika, koma denga lonse liyenera kusamalidwa.

Zimene anasintha

Anthu a kumpoto sanaleke kudula mitengo. Matabwa ndi mapepala zimadyetsa mabanja ambiri. Chimene achita ndi kusintha kadulidwe, ndipo malamulo ndi malangizo awo tsopano amanena zinthu monga izi.

Asiye mitengo m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje, ngakhale timitsinje ting'onoting'ono, chifukwa n'timene timadyetsa nyanja.

Malo onyowa adulidwe m'nyengo yachisanu, nthaka itauma gwa ndi kuzizira, kuti makina asasiye mikwasa.

Makina asawoloke mtsinje paliponse, koma pa mlatho kapena pa malo okonzedwa.

Ngalande isathire mwachindunji m'nyanja. Ithere m'dzenje lodikhitsa matope, kapena m'dambo losakumbidwa momwe madzi angayale ndi kusefeka.

Podulidwa pabzalidwe kapena pamere mitengo msanga.

Ku Finland kukumba ngalande m'madambo atsopano kunatsala pang'ono kutheratu. Mu 2014 lamulo la nkhalango la dzikolo linasinthidwa, n'kulola mwini nkhalango kudula mitengo mosankha, kutengapo ikuluikulu n'kusiya ina, kuti nthaka isakhale yambulanda. Komabe mavuto sanathe. Ngalande zakale zija zilipobe, ndipo nyanja zambiri za ku Finland ndi ku Sweden ndi zofiirira lero kuposa mmene zinalili zaka 50 zapitazo. Kudula mitengo si chifukwa chokhacho ayi, kusintha kwa nyengo nakonso kukuthandizira. Koma n'zoonekeratu kuti kuwononga kumatenga chaka chimodzi, pamene kukonza kumatenga zaka zambiri.

Nanga kwathu kuno?

Wina anganene kuti, "Zimenezo n'za kwa eni ake. Kuno kulibe chipale." N'zoona. Koma akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Madzi amatsika phiri kulikonse. Ndiponso mvula yathu imagwa mwamphamvu, pa nthaka imene yauma miyezi yambiri, mwinanso yotenthedwa ndi lupsa. Dothi lathu limakokoloka msanga.

M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anayeza mitsinje yothira m'nyanja ya Niassa. Mmodzi wa iwo anali Robert Hecky wa ku Canada komweko. Anapeza kuti mitsinje yochokera m'madera amene nkhalango inatha imabweretsa matope ndi chakudya cha ndere chochuluka kuposa yochokera m'madera a mitengo. Matopewo amatchinga dzuwa, amakwirira miyala imene nsomba zimadyapo, ndiponso amakwirira timiyala ta m'mitsinje momwe mpasa zimaswera. Nyanja ya Niassa ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi. Ndi mbiya yaikulu zedi, yakuya pafupifupi mamita 700, choncho sisintha msanga. Koma mtsinje wotulutsa madzi ake ndi umodzi wokha, Shire. Chimene chalowamo chimakhalitsa. Mu 2011 boma la Mozambique linaika mbali yathu ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa.

Ambiri a ife tili kutali ndi nyanja, koma tili ndi mbiya zazing'ono: damu la koperativa, dziwe la nsomba, kasupe, chitsime cha kudambo. Zimenezi ndizo zimada msanga. Lamulo la Malo la 1997 linaika mamita 100 ozungulira kasupe kukhala malo otetezedwa. Ifenso tingapangane pamsonkhano. Tisadule mitengo m'mbali mwa mitsinje ndi kumutu kwa dambo. Mitengo ya makala, ya nkhuni ndi ya mapaso tidule mosankha, osameta phiri lonse chaka chimodzi. Zitsa za mitengo yachilengedwe tizisiye ziphuke. Mizere tilime mopingasa mtsetse. Khola, chimbudzi ndi mulu wa manyowa zikhale kutali ndi madzi. Feteleza tikwirire, tisamwaze pamene chimvula chili pafupi, chifukwa wokokolokayo ndi ndalama yathu imene yapita kukanenepetsa ndere. Ndipo akabwera ofuna kudula mitengo ya matabwa m'dera lathu, tiwafunse kuti msewu wawo udzera pati, ndiponso kuti madzi ochokera podulapo adzathira mumtsinje uti.

Ntchito yoyesa

Yoyamba. Tengani mabotolo awiri oyera. Thiranimo madzi a padziwe limodzi. M'botolo limodzi ponyanimo timibulu tiwiri kapena titatu ta feteleza wa NPK. Lembani chizindikiro. Ikani onse awiri pa malo owala, osatseka. Yang'anani tsiku lililonse kwa milungu iwiri, ndipo lembani zimene mukuona.

Yachiwiri. Akatswiri amayeza kuyera kwa madzi ndi mbale yoyera yomangidwa ku chingwe. Njirayi inayamba ndi Angelo Secchi wa ku Italy mu 1865, ndipo ikugwirabe ntchito. Tengani chivundikiro choyera. Boolani pakati, lowetsani chingwe, ndipo mangirirani mwala kunsi kwake. Pa chingwe mangani mfundo pa masentimita 10 alionse. Tsitsani mbaleyo m'damu mpaka isaonekenso. Werengani mfundo zimene zamira. Chitani zimenezi mwezi uliwonse, pa malo omwewo, masana. Mlembi wa koperativa alembe m'buku tsiku ndi nambala. Pakutha pa chaka mudzaona nokha nthawi imene madzi amada.

Mawu atsopano

Chipale chofewa: madzi oundana, opepuka ndi oyera, ogwa ngati mvula m'maiko ozizira.

Denga la nyanja: malo onse amene madzi ake amatsikira m'nyanja imodzi.

Fosiforasi: chakudya cha zomera, cholembedwa P pa thumba la feteleza.

Nayitrojeni: chakudya cha zomera, cholembedwa N pa thumba la feteleza.

Mekyule: chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, chounjikana m'nsomba zazikulu.

Mafunso okambirana

1. Kodi David Schindler anathira chiyani mbali ya nyanja imene inabiriwira?

2. N'chifukwa chiyani madzi a mumtsinje amachuluka mitengo ikadulidwa?

3. Kodi madzi osabiriwira ndi abwino nthawi zonse? Fotokozani za ku Quebec.

4. N'chifukwa chiyani nyanja za ku Atikokan zinasintha pang'ono chabe?

5. Ndi nthawi iti pamene mzere wa mitengo umalephera kuteteza madzi?

6. Jambulani pansi malo amene mudzi wathu umatunga madzi. Denga lake layambira pati? Ndani akulima, kudula kapena kuotcha pamenepo? Tidzawauza chiyani pamsonkhano ukubwerawu?